Amalume akuthirabe phulusa pabwalo

Achimwene,

Ndikupatsani moni, inu ndi alamu kumeneko ku Wales. Kuno ku Thambani tadzuka, kupatula mwendo wa amayi womwe ukuvutabe.

Paja munati kwanuko adaphatikiza matimu a ragibi kukhala a zigawo, ati kuti timu ya dziko ilimbe. Nzeru yomweyo yafika kuno. Akuluakulu ampira asankha anyamata m'matimu a m'midzi n'kupanga timu imodzi ku boma. Kwathu atengako asanu, goloboyi yemwe. Timu ya ku bomayo ikuwina ndithu, sindinama. Koma otsalawo adagwa ulesi, ena akupalasa kabaza.

Loweruka ndikuchokera kumsika ndidapeza amalume pabwalo ali okhaokha, chidebe m'manja, akuthira phulusa m'mizere monga ankachitira inu mukusewera. Udzu wafika m'mawondo, golo limodzi anthu adazula. Mtima udandipsa.

"Amalume, mukulembera ndani? Mbuzi?"

Sadakwiye. Adangoti, "Choka pamzere, mphwanga, ukuwatchinga anyamata."

Ndidatembenuka, achimwene. Kumbuyo kwanga kudalibe munthu, koma ndidachokapo.

Tsono mundifunsire kwa azungu anuwo, ndipo musandinyengerere: matimu ang'onoang'ono aja adadzukanso, kapena adafa? Amalume amamva za inu. Ngati adafa, muwaimbire nokha muwauze. Ine mumandidziwa, sindiopa kulankhula, koma izi zokha pakamwa pakukana.

Ambuye akusungeni m'chisanu chanucho.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane