Mafelemu Akuda a Amayi Ako

Mwana wanga, iwe Kamakani,

Ndiyambe monga ayambira anthu aulemu. Uli bwanji kumeneko? Amuna ako ali bwanji, kamimba kaja akadali nako kapena kuzizira kunakaphwetsa? Nanga mdzukulu wanga, amene ndimangomuonera pa galasi la foni ngati wowerenga nkhani, mano aja anatuluka? Ife kuno tilipo. Bondo langa likupitiriza ntchito yake yolosera mvula. Za amayi ako ndinena m'munsimu, chifukwa sizikwana mzere umodzi.

Nyumba yatsala pang'ono kutha. Ndikunena nyumba ya pulani yako ija, imene unatijambulira ndi digiri yako yonse: makoma oyera mbee, matailosi oyera, mawindo aakulu ngati a sitolo yogulitsa galimoto. Odutsa mumsewu amafunsa kuti chipatalachi chitsegulidwa liti. Ine ndimawayankha monyada kuti anajambula ndi mwana wanga, ndipo odwala ake tidzakhala awiri okha.

Mkangano wa mafelemu a mawindo ukuukumbukira, sindikayika. Iwe unati m'kati apentedwe oyera kuti nyumba izipuma. Amayi ako anati akuda. Iwe unati zimenezi unapitira kusukulu. Iwo anati kusukuluko anakuperekeza ndi iwo, ukulira mamina ali chuchuchu. Pamenepo unati tipente mmene tikufunira, udzabwera nyumba ikadzatha kuti udzaone mmene taiwonongera. Kuyambira tsiku limenelo foni umaimbira ine, iwo umangowapatsa moni wa pakhomo, ndipo ine ndasanduka kazembe pakati pa mayiko awiri osalankhulana.

Ine ndinali mbali yako, ukudziwa. Ndinawauza kuti windo lozunguliridwa ndi zakuda limaoneka ngati chidziwitso cha maliro m'nyuzipepala. Sanaseke. Munthu amene wakhala akusekerera nthabwala zanga zoola kuyambira tili pa chibwenzi, imeneyi anangoisiya igwe pansi. Ndinaganiza kuti ndi liuma la uphunzitsi waukulu, loti munthu anapuma ntchito koma belu likadali m'mutu.

Tinapita kusitolo ya penti. Mwana wanga, ine ndinaphunzitsa pa yunivesite mpaka imvi, koma sindinkadziwa kuti mtundu wakuda uli ndi ana ndi zidzukulu. Mayi wogulitsa anatiyalira timakadi pa kauntala, kalikonse ndi dzina lake: Usiku wa Chikondi, Khala la Mfumu, Mtambo Wokwiya. Ndinamufunsa ngati alipo wotchedwa Mtima wa Landilodi. Amayi ako anandiponda phazi, nati ndiwawerengere mainawo mokweza. Ndinawerenga ngati mwana wa kalasi yoyamba, ndikuganiza kuti akungofuna kundichititsa manyazi pagulu. Iwo ankatenga kadi lililonse n'kuliyika pambali pa tsaya, maso ali kwina, ngati munthu womvetsera wotchi.

Wogulitsa uja, poona kuti banja likutha, anatipatsa nzeru yoti titenge titini ting'onoting'ono tikayese. Tinatenga wotuwa, wofiirira ngati tiyi wothira mkaka, ndi wakuda bii. Wopenta wathu, bambo wa maganizo ambiri kuposa mabulashi, anatichenjeza kuti wakuda saphimba fumbi, ndipo dzanja likangonjenjemera pang'ono pa khoma loyera, cholakwacho chimaonekera kumsewu. Komabe anapenta mawindo a pabalaza, lililonse mtundu wake. Chitseko chagalasi chopita pakhonde anachisiya choyera monga unafunira, kuti mlandu uweruzidwe mwachilungamo.

Tinapita kukaona masana, dzuwa lili phwee m'nyumba monse. Amayi ako anaima pakati pa balaza, manja kumbuyo, mmene ankaimira pa asembule. Ine ndinakonza kukhosi ngati woweruza, n'kufunsa kuti wapambana ndani. Anayang'ana uku, nayang'ana uko. Kenaka anafunsa wopenta uja, mwaukali ndithu, chifukwa chimene wapentera windo limodzi lokha pamene tinamupatsa titini titatu.

Ine ndi wopenta tinayang'anizana.

Amayi ako anamva kuti chete wathuyo si wabwino. Anati m'nyumbamo mukununkha penti, akufuna mphepo, nayamba kuyenda mwachangu kulunjika pakhonde. Chitseko chagalasi chija chinali chotseka. Phokoso la mphumi yawo pa galasi limenelo ndikulimvabe mpaka lero. Wopenta anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mabulashi ofunika kutsuka kuseri kwa nyumba, ndipo anawatsuka nthawi yaitali. Mulungu amudalitse munthu ameneyo.

Ndinawakhazika pa chitini cha penti. Ndi pomwe anandiuza. Anati zinayamba kalekale. Chilichonse chimene akuchiyang'ana, pakati pake pamakhala chifunga, koma m'mbali mukuonekabe. Maulendo aja ankati akukazonda mnzawo wodwala, wodwalayo anali iwo, kwa dokotala wa maso. M'nyumba ya lendi tikukhalayi savutika, chifukwa mapazi awo anailoweza pamtima. Koma mu yatsopanoyi, akuti akalowa amakhala ngati ntchentche yogwera mu ndowa ya mkaka: khoma, windo, chitseko, zonse mbuu. Felemu lakuda ndi lokhalo limawauza pamene khoma lathera ndi pamene kunja kwayambira.

Ndinawafunsa chifukwa chimene anandibisira. Anati ine ndikanaisandutsa nkhaniyo phunziro, ndi mawu oyamba ndi omaliza omwe. Ndinafunsa za iwe. Anati iwe ukanafufuta pulani yako yonse n'kujambula nyumba ya wodwala, ya zogwirira m'makoma, ndipo ntchito yako yoyamba yopangira makolo ako ikanakhala ya chisoni. Anati bola uziwayesa nkhalamba yamakani, chifukwa mwana wokwiya amadya n'kugona, koma mwana wodandaula sagona.

Awa ndi amayi ako aja, iwe. Amene ankaona mwana akutafuna chingamu kumzere womaliza. Amene ankakuona ukubisa buku la nthano m'kati mwa buku la masamu ali kukhitchini, atakufulatira.

Kwa dokotala tinapita limodzi. Matendawo ali ndi dzina lalitali, loyenera munthu amene anali mphunzitsi wamkulu. Dokotala anati zimene zapita sizibwerera, ndipo zotsalazo zikutsatira pang'onopang'ono. Mdima weniweni mwina sudzafika. Azidzaona kuti apa pali mtengo, apa pali khomo, apo paima munthu. Koma zing'onozing'ono ndi zimene zimayamba kuchoka: zilembo, singano, nkhope. Ndinamufunsa kuti tatsala ndi nthawi yotani. Anatambasula manja ngati mlaliki amene maulosi ake anamupsetsapo kale.

Pobwerera ndinawafunsa ngati nkhope yanga akuionabe. Anati imeneyo anaiona mokwanira, palibe chimene aluza, ndipo masiku ano ndikuoneka bwinoko kusiyana ndi pa ukwati. Ndinaseka kwambiri. Titafika kunyumba yatsopano ndinapita kukayendera mipope ya kubafa, ndipo ndinaiyendera mpaka maso atauma.

Tsopano mafelemu onse ndi akuda. Tinasankha Khala la Mfumu, wosawala, chifukwa wonyezimira amawathobwa m'maso. Tapentanso felemu la chitseko chagalasi chija, m'mphepete mwa masitepe, ndi kuzungulira maswitchi a magetsi. Wopenta sanatsutsenso kanthu, ndipo mizere yake ndi yowongoka ngati anachita kulumbira. Fumbi limaonekadi, ananena zoona. Wopukuta ndine, ndi kansalu kanga paphewa, pulofesa wa mawindo.

Ndikuuze chinthu chimene chikupweteke pa ntchito yako: zikukongola. Ukakhala pabalaza, mtengo wa kuseri uja umaoneka ngati chithunzi chopachika, ndipo diso limathamangira kunja lokha. Mnansi wathu wabwera kale kudzafunsa dzina la pentiyo, akuti ndi fasho ya kunja. Amayi ako anamuuza kuti ndi nzeru za mwana wawo wojambula mapulani. Ndinatsokomola. Anandipondanso phazi, ndipo phazi langa ndiye salisowa, amalipeza ngakhale osayang'ana.

Chimene chandigwiritsa cholembera ndi ichi. Ukaimba foni ya kanema n'kuonetsa mwana, iwo amaiyika foniyo cham'mbali n'kumati wanenepa, wakula, taonani kumwetulira. Amangoponya mwala kuthengo, mwana wanga. Ukadula, amandifunsa kuti wafanana ndi ndani. Mphuno ndi ya kwathu kapena ya kwa bambo wake? Makutu ndi oima ngati anga? Akamaseka, kachibowo ka patsaya kako kaja ali nako? Ine amene ndinkalankhula maola osapuma pamaso pa holo yodzaza, ndimangoti ali ndi mphuno imodzi ndi makutu awiri. Iwo amati ndine mboni yopanda ntchito. Amanena moseka, kenaka amatsala ndi foni m'manja, chala chikusisita galasi lozima.

Kuwala kukakhala kwabwino, cha m'mawa, munthu akawayandikira kwambiri n'kuima cham'mbali pang'ono, nkhope amaigwirabe. Chaka chino amaigwira. Za chaka chamawa sindingalumbire.

Ndiye usadikire kuti nyumba ithe. Iwe wophunzira za nyumba ukudziwa kuti nyumba siitha, imangotopetsa eni ake. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Pempha tchuthi, unene kuti abambo ako apenga ngati pakufunika chifukwa, a kuntchito kwanga kwakale angachitire umboni. Nyamula mwanayo ubwere naye. Mugona pa matiresi pansi, makatani kulibe, khitchini ilibe zitseko, koma zimenezo si zimene akufuna kuona.

Ndipo chonde usaimbe foni ukulira. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze, ndipo lumbirolo ndi ili ndikuliswa ndi manja anga. Mlandu umenewo ndi wanga, ndidzausenza, ndinazolowera kuimitsidwa mu ofesi ya ahedi. Ukaimba, imbira iwo, osati ine. Ukangane nawo za mafelemu ngati ukufuna, uwauze kuti ukubwera kudzaona wekha mmene awonongera ntchito yako. Adzasangalala. Munthu wokangana naye pa msinkhu wawo anali iwe wekha, ine amandipambana msanga.

Kalata ino ndikulembera pa tebulo lodyera, iwo ali tsidya linalo akupinda zovala. Chikwatiranireni, palibe pepala langa limene linadutsa pamaso pawo osalidonthezera inki yofiira, ngakhale la kwa mkulu wa yunivesite. Lero pepala lili poyera, dzina lako lili pamwamba, ndipo aliyang'ana kangapo. Angondifunsa kuti ndikulembera ndani mwakhama chonchi. Ndati ndikulembera pulambala, za mpope wodontha. Akuti ndisamulalatire monga mwa chizolowezi changa, ndimupemphe mwaulemu, chifukwa munthu ukamupempha bwino amabwera msanga.

Ndiye ndikupempha mwaulemu, mwana wanga. Chonde, bwera.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze kuti ndikubwereka banja lawo kwa kanthawi ndipo ndidzabweza lonse. Mdzukulu wangayo umupsompsone pamphumi. Mulungu akusungeni nonse, akutsegulireni njira, ndipo ndege imene mukwere ikhale ya woyendetsa wosazengereza.

Ndine abambo ako,
wopukuta mawindo.