Memori ya Atsibweni M'chipewa cha Timoteyo

Loweruka, 13 Julaye

Zilembo zanga n'zokhota ngati mizere ya mlimi woledzera, ndipo mawu ena ndimangolemba mmene ndimawamvera. Sukulu ndinalekezera sitandade 4. Pepani, ngakhale ndikudzilembera ndekha.

Ndalakwitsa lero. Ndilembe, mwina mtima ukhala pansi.

Loweruka lililonse timakumana anthu anayi ku Mayani, pa kashopu ka Timoteyo woika nyimbo m'mafoni. Timoteyo, ine, a Bernadetta a tiyirumu amene amaimba kwaya ku Kabwazi, ndi Yohana wa kabaza ya njinga yamoto. Tonse odwala nyimbo. Aliyense amabwera ndi memori yake ataikamo zimbale zimene zamugwira mtima. Timaponya m'chipewa cha Timoteyo, iye n'kugwedeza, aliyense n'kutola imodzi osayang'ana. Lamulo: umvere yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osadumpha. Osafunsa mwini wake. Loweruka linalo unene chimbale chimene chakukomera, kenako utchule amene ukumuganizira kuti ndi mwini. Chaka chachiwiri tsopano. Sizinavutepo.

Ine mamemori ndili nawo awiri, ofanana ngati nyemba. Ina ya kuchipewa. Inayo ya atsibweni.

Atsibweni anga a Gerevazio, mlongo wawo wa mayi, ndiwo oyambitsa nyimbo kudambwe kwathu kuno ku Kaphuka. Chifuwa chawagwira kuyambira Meyi. Mwezi watha anandiitana, anatseka chitseko, anayamba kundiphunzitsa nyimbo za mkati, zosaimbidwa pabwalo, zimene mkazi kapena wosavinidwa sayenera kumva. Anati, "Izi zituluke muno zili m'mutu mwako basi." Koma mutu wanga ndimaudziwa, ndi dengu lobooka. Ndinayatsa foni m'thumba la jekete, iwo osadziwa. Nyimbo zisanu ndi ziwiri. Mawu awo, ndi kutsokomola kwawo komwe.

Dzulo kudimba ndinkazimvera pa mahedifoni, kuloweza. Memoriyo sindinaichotse m'foni. Lero ndafika mochedwa, Yohana akukuwa, "Alimi a kachewere, changu, ena tili ndi ntchito!" Ndatsegula foni, ndatulutsa, ponyu m'chipewa. Ndazindikira nditafika pakhomo, nditapeza ya kuchipewa ili phee m'bokosi la machesi.

Ndinati mwina ndatola yanga yomwe, zimachitika. Ndaiika m'foni. Rumba ya ku Congo.

Lamulungu, 14 Julaye

Chisanu m'mawa. Masamba a m'mphepete mwa dimba apsa.

Ndakhala ndikuwerengera. Pa memori ija ndinaika zimbale zitatu patsogolo zophimbira: kwaya ina ya kumpoto, gitala wa mkulu wina wa ku Mozambique, kenako rege. Atsibweni ali kumapeto. Munthu womvera mwadongosolo afika pa iwo Lachitatu kapena Lachinayi.

Ngati ali nayo Timoteyo: iye amakopera chilichonse pa kompyuta yake, n'kumaikira aliyense wobwera ndi foni. Ngati a Bernadetta: sipika patebulo, azimayi akumwa tiyi. Ngati Yohana: sipika womangirira pa njinga, midzi yonse kuyambira ku Mayani mpaka kuno. Yohana yekha ndiye wovinidwa. Iye angadziwe msanga n'kuzimitsa. Koma angadziwenso chimene ndinachita.

Kuwaimbira foni? Kuuza munthu kuti usamvere ya kumapeto ndiko kumutuma kuti ayambire kumapeto. Timoteyo makamaka.

Mkazi wanga Kristina wati, "Bambo a Pilira, mukudya ngati wodwala malungo." Ndati ndi chisanu cha kudimba. Nkhani iyi sindingauze mkazi, ngakhale wanga.

Rumba ndikuimverabe, lamulo ndi lamulo. Ndisaname, chimbale chachiwiri n'chokoma. Gitala wake amayenda ngati madzi m'ngalande. Ndamva manyazi kuti mwendo umagwedezeka.

Lachiwiri, 16 Julaye

Ndapita ku Mayani. Kwa Kristina ndati ndikukafuna mankhwala opopera.

Poyamba kwa a Bernadetta. Ndaitanitsa tiyi, ndakhala pafupi ndi sipika. Azimayi atatu pa benchi, mmodzi ndi khanda kumbuyo. Sipika akugunda za ku Joni zija, du du du ngati chigayo. A Bernadetta ati, "Izi n'za Yohana, palibe wina angakonde phokoso lotere. Mutu ukundiwawa kuyambira Lamulungu, koma nditani, ndimaliza." Ndatsala pang'ono kulira m'kapu. Si iwo.

Andifunsa kuti nanga inu a Vinsenti mwatola chiyani, nkhope yagwa chonchi, maliro? Ndaseka. Kuseka kwa mano okha.

Atsala awiri. Kashopu ka Timoteyo kotseka ndi loko. Wometa tsitsi wa pafupi wati wapita ku boma kukakonzetsa kompyuta. Ngati yawonongeka ndi bwino. Mulungu andikhululukire pofunira mnzanga zoipa.

Yohana pa siteji palibe. Akuti watenga munthu wa ku Linthipe.

Mankhwala ndaiwala kugula.

Lachitatu, 17 Julaye

Ndapita kwa atsibweni ndi kachewere theka la thumba. Aonda. Bulangeti awiri dzuwa likuwala. Atumiza akazi awo kumjigo, atseka chitseko, ati ndiimbe yachitatu.

Ndayamba bwino. Pakati penipeni mutu mbee. Ndabwereza, pomwepo. Ati, "Sabata yatha unaigwira bwino iwe. Wakulanda ndani?" Ndati ndi tulo tosakwana. Aimba okha kuti ndimve, chifuwa chawadula kawiri. Atamaliza andigwira bondo. Dzanja lopepuka ngati phesi.

Pamenepo mpata unalipo. Ndikanagwada n'kunena. Sindinanene.

Lachinayi, 18 Julaye

Ndaimbira Timoteyo ngati ndikungomupatsa moni. Ndati, bwanji ya sabata ino ikukoma? Wati, "Achimwene, lamulo mwalidya ndi kachewere? Koma ndikuuzeni, ndapemphera sabata ino kuposa chaka chonse." Ndiye kuti kwaya. Ya a Bernadetta imakhala kwaya yokhayokha. Koma yanganso imayamba ndi kwaya. Ndafunsa ngati muli gitala. Wati, "Mudzamva Loweruka," wadula.

Yohana ndamuimbira kawiri masana, osayankha. Kachitatu foni yozimitsa. Yohana sazimitsa foni, ndi khasu lake.

Ndadikira kuti andiimbire mpaka usiku.

Lachisanu, 19 Julaye

Ndili kudimba ndamva njinga yamoto ndi sipika kumsewu. Ndathamanga, ndaponda mizere iwiri ya kabichi. Anali wina, wa chipewa chofiira.

Pobwerera ndadutsa pamjigo. Azimayi amacheza, ndikufika onse zii. Mmodzi yekha wayankha moni. Kristina wabwera ndi madzi, watula, walowa m'nyumba. Mwina ndi maganizo anga. Ine chilichonse ndimachiona chachikulu, mayi ankanena kale.

Mawa. Ndikangoitenga ndiiphwanya ndi mwala.

Loweruka, 20 Julaye

Zachitika kale. Zinachitika Lachinayi, ine ndili kalikiliki kuimba foni.

Ndafika woyamba. Timoteyo watama chimbale chachitatu cha a Bernadetta, cha azimayi okhaokha ndi ng'oma imodzi, wati chimenecho aliyense achimve asanafe. A Bernadetta ati za Yohana n'zabwino kupirikitsira mbalame m'munda. Ine ndanena za rumba, sindikumbuka ndati chiyani. Timoteyo wakondwa kuti ndazindikira gitala uja. Ndiye kuti yanga ili ndi Yohana.

Wafika mochedwa. Pa njinga palibe sipika, mawaya okha akulendewera. Sanakhale pansi. Wati, "A Vinsenti, tabwerani mundionere tayala." Tapita kuseri kwa shopu.

Akuti Lachinayi masana anatula mayi wina pa chigayo cha kutsidya kwa mtsinje, kwathu komwe kuno. Anasiya rege ikulira, n'kulowa kukathandiza mayiyo kunyamula thumba. Mkati phokoso la chigayo, sanamve kuti rege yatha. Atatuluka anapeza azimayi ena atseka makutu ndi zitenje, ena athawira kuseri, ana okha aima pafupi ndi njinga kumvetsera. Nyimbo ziwiri zathunthu za atsibweni zinali zitapita. Mkulu wina wa kudambwe amene ankadikira ufa wake anadula mawaya ndi mpeni, n'kutenga memori.

Wati, "Ndinawauza kuti ndinatola m'chipewa, mwini wake sindimudziwa. Dzina lanu sindinatchule, aise. Koma mawu aja ndani sawadziwa kuno?"

Sanandikalipire. Bola akanandimenya.

Lolemba, 22 Julaye

Dzulo sindinalembe. Sindinatuluke.

Akuluakulu anayi anapita kwa atsibweni dzulo m'mawa. Ndamva kwa Yohana, iyenso anamuitana kukafotokoza. Akuti anawamvetsa memori pa foni chitseko chili chotseka. Atsibweni anamvera mpaka pamene akutsokomola, kenako anati, "Ndine. Ndinaimbira m'foni mwakufuna kwanga. Amene anagwira foniyo ndi nkhani yanga."

Anawafunsa katatu. Katatu yankho lomwelo.

Tsiku lojambula lija m'chipinda tinali awiri, ine ndi iwo. Akudziwa.

Ndapita madzulo dzuwa lisanalowe. Odi, odi. Akazi awo atsegula pang'ono. Ndawaona atagona, nkhope kukhoma. Ndati, "Atsibweni, ndine." Zii. Ndakhala pakhonde mpaka miyendo yachita dzanzi.

Ndikufika kunyumba, thumba la kachewere lija lili pakhomo. Akazi awo anabweretsa masana. Anauza Kristina kuti, "Akuti muli ndi ana, mudye nokha."

Lachitatu, 24 Julaye

Mlandu ndi Loweruka m'mawa, kudambwe. Onse ovinidwa akapezeke.

Zimene zikumveka: zikakhala monga anenera atsibweni, awaletsa kuyambitsa nyimbo. Chachikulu si chimenecho, mawu awatha kale. Akuti tsiku lawo likadzafika gule sadzabwera pa maliro awo. Munthu amene waperekeza akufa a midzi isanu ndi umodzi kwa zaka makumi anayi. Adzapita chete ngati mlendo.

Nanga ine ndikadziulula? Sindidziwa. Ena amati mbuzi. Ena amati zoposa mbuzi. 

Kachewere wa kumunsi wayamba kuda masamba. Mankhwala aja.

A Bernadetta anditumizira mawu pa foni. Sanafunse kanthu, ndi munthu wa ulemu. Ati, "Chipewa chipume kaye, tagwirizana ndi Timoteyo. Koma Yohana akuti gitala wa ku Mozambique uja ndiye chabwino chimene wamva chaka chino. Musadane ndi nyimbo, a Vinsenti." Ndamvera kawiri. Foni ndaiika m'chitini cha mbewu. Sindifuna kuiona.

Ya kuchipewa ija ikadali m'bokosi la machesi. Ndinasankha bwino sabata imeneyo. Munali chimbale cha achinyamata ena oimba ndi banjo ya chigubu, ndinkafuna Timoteyo achimve.

Lachisanu, 26 Julaye

M'mawa Kristina akusesa wati, osandiyang'ana, "Sindikufunsani zimene sindiyenera kudziwa. Koma mudzi wonse ukuona wodwala atasenza katundu wa munthu wa miyendo iwiri." Wapitiriza kusesa.

Ndalemba kumbuyo kwa kope lino zimene ndikanene mawa. Mizere itatu. Ndine ndinajambula. Iwo sanadziwe. Chilango chibwere kwa ine. Ndayeseza kudimba mokweza, mawu amatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana.

Masana ndapitanso kwa atsibweni kuti amve kwa ine kaye. Chitseko sanatsegule. Ndagwada panja, ndanena mizere yanga itatu pa mng'alu wa chitseko. Atsokomola. Kenako ayankhula, koyamba chichitikire izi.

Ati, "Wandibera kamodzi, usandibere kawiri. Mawa pakamwa pako pakhale potseka. Ukakanena akakuchotsa kudambwe, ndipo nyimbo zifera mwa ine. Ine maliro anga sindidzawaona."

Ndati, atsibweni. Ati, "Pita."

Ndabwerera njira ya kudimba, ndakhala pa mzere, ndayesa zonse kuyambira yoyamba. Yoyamba ilipo. Yachiwiri ilipo. Yachitatu imaduka pakati pomwe paja. Yachinayi ndi yachisanu zilipo. Ziwiri zomaliza ndangotsala ndi poyambira.

Mlandu ndi mawa m'mawa. Memori ili ndi akuluakulu. Mwa nyimbo zisanu ndi ziwiri ndagwira zinayi zokha, ndipo atsibweni sakudziwa zimenezo. Sindinasankhe ngati ndikaimirira kapena ndikakhala chete.