Amuna anga akuti ndikununkha malemu mayi awo

Aphungu,

Nkhani yangayi ndi yochititsa manyazi, koma ndilibe wina womuuza. Kuno ukauza munthu mmodzi m'mawa, pofika masana nkhani ili kudoko.

Ndine mayi wa ana atatu. Kwathu ndi ku Namwera, koma ndinakwatiwa ku Makanjira. Amuna anga, a Shafi, ndi asodzi, ndipo ine ndimawamba nsomba pauvuni n'kumagulitsa kwa anthu obwera ndi malole. Banja langa likutha chifukwa cha fungo limene ine mwini wake sindilimva.

Apongozi anga, mayi awo a Shafi, anamwalira chaka chino nyengo yozizira ikutha. Anadwalira pakhomo pathu ndipo wowasamalira ndinali ine. Tsiku la maliro, Abiti Abudu, mayi amene amatsogolera kusambitsa maliro a akazi kumzikiti kwathu, anandiitana kuti ndiziwathirira madzi. Ntchito imeneyi ndinali ndisanaigwirepo. Tinawasambitsira m'bafa lathu la udzu kuseri kwa nyumba. Ndikuthira madzi otsiriza, dzanja la malemu linatsetsereka n'kundigwera pabondo. Linali lozizira ngati mwala wa pansi pa madzi. Abiti Abudu anangolibweza n'kunena kuti zimachitika, koma ine mutu unazungulira mpaka anachita kundigwira ponditulutsa. Zowaveka nsanda, nsalu yoyera yoikira maliro ija, sindinazione.

Chichokereni tsiku limenelo m'bafa muja sindilowamo. Ndimafika pakhomo pake ndi ndowa, n'kubwerera. Pamene panagwera madzi aja dothi lake silinaumebe, Aphungu, chonsecho dzuwa la kuno likuswa miyala. Ana amasambamo bwinobwino, iwo alibe mantha. Koma musaganize kuti ndine wauve. Ndimatawaza nthawi ya swala iliyonse, ndisanapemphere, nkhope, mikono ndi mapazi. Kunyanja ndimapitanso, ndimamira ndi chitenje changa chomwe mwachangu n'kutuluka, poti amuna amadutsa pafupi.

Titachita sadaka ya masiku makumi anayi, achibale anagawana katundu wa malemu. Ine anandipatsa sutikesi yawo ndi zovala zonse zinali momwemo, poti ndine amene ndinavutika nawo. Ndi sutikesi imene ankasungamo nsanda yawo, paja nsandayo anaigula okha kalekale akadali ndi mphamvu. Alamu anga aakazi sanakondwe nazo. Munali zitenje, mipango, ndi mkanjo wakuda wa nayiloni umene timati buibui. Mkanjowu ndimauvala pafupifupi tsiku lililonse, ngakhale kuuvuni, kuopa kuti anthu angati ndanyoza mphatso ya malemu. Ndikauchapa ndimauyanika m'nyumba chifukwa cha maso a alamu, kenako ndimaubwezera m'sutikesi pamodzi ndi zovala zanga.

Zachilendo zinayambira kumzikiti. Poswali timandanda mogundana mapewa, sitisiya mpata. Lachisanu lina nditawerama ndinaona kuti kumanzere kwanga kuli mpata wokwana munthu mmodzi ndendende, ndipo palibe anasendera kudzautseka. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Ndinayamba kuganiza kuti anzangawo akuona wina ataima pamenepo, ine ndekha ndi amene sindikumuona.

Ndinafunsa a Celestina, anzanga a pauvuni. Iwo ndi a mpingo wa Anglican ndipo sabisa mawu. Anayamba aseka kaye.

"Amwali, tonse pano timanunkha nsomba, imeneyo ndi yunifolomu. Koma inu mwawonjeza. Mukadutsa, munthu amafuna kufunsa kuti mwambo wa maliro uyamba nthawi yanji."

Ataona nkhope yanga anasiya kuseka, n'kundiuza kuti ndizipaka madzi a mandimu m'khwapa. Ine mawu oti maliro aja ndi amene anandikhala m'mutu. Nditafika kunyumba ndinafufuza m'sutikesi muja, ndipo m'kathumba ka mkati ndinapezamo kabotolo ka mafuta onunkhira katatsala theka, ndi timiyala toyera tomangidwa pakansalu. Ndinati awa ayenera kukhala mafuta amene mayi ankadzola popita kumzikiti. Ndinayamba kudzola m'khwapa ndi m'khosi, m'mawa ndi masana. Zinthu zinangoipiraipira.

Tsiku lina a Shafi atabwera kunyanja ndinawayandikira kuti ndiwapatse madzi akumwa. Kapu inawapulumuka m'manja. Anandiyang'ana ngati akuyang'ana munthu wina kumbuyo kwanga.

"Ukununkha amayi," anatero motsitsa mawu. "Osati mmene analili ali moyo. Mmene analili tikuwanyamula."

Kuyambira pamenepo amagona kumsasa wa kudoko ndi anzawo, chakudya amadya kwa mlongo wawo. Akabwera kudzaona ana amaima pabwalo, m'nyumba salowa.

Mphuno zanga zinafa kale ndi utsi, ndiye ndikadzinunkhiza sindimva kanthu. Koma nthawi zina masana, dzuwa lili paliwombo, mudzi wonse uli zii, ndikawerama kuti ndisonkhezere moto, fungolo limandipeza mwadzidzidzi ngati lachokera kumbuyo kwa khosi langa. Limakhala ngati la mankhwala, lozizira m'mphuno, ndipo pansi pake pali china chowola. Ndikatembenuka palibe munthu. Thukuta limangoti chuchuchu.

Alamu akuti malemu sanakhutire ndi mmene ndinawathirira madzi, n'chifukwa chake andikakamira. Akuti ndipite kwa munthu wina wa kutsidya kwa malire akanditeme mphini n'kuwachotsa, apo ayi mchimwene wawo andipatse talaka, ukwati uthe, ndibwerere ku Namwera. A Shafi sanatsutse. Anangonditumizira mawu kuti ayembekeza mpaka mvula yoyamba, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana kumapiri. Aphungu, kodi munthu wakufa angakhale pathupi la wamoyo? Ndipite kwa wa mphiniyo? Ine amuna anga ndimawafuna.

T.J., Makanjira

Mayi T.J.,

Pepani ndi maliro, pepaninso ndi mantha amene mwasenza nokha nthawi yonseyi. Kalata yanu ndaiwerenga mofatsa, ndipo malemu sindikuwapezamo. Ndikupezamo thukuta, nayiloni ndi kabotolo.

Kabotoloko lekani kudzola lero lomwe. Mwanena nokha kuti m'sutikesimo ndi momwe munkakhala nsanda. Munthu wokonzeratu nsanda yake kawirikawiri amakonzeratunso zonunkhiritsa za tsikulo. Timiyala toyerato ndikuganiza kuti ndi kafuri, amene amasungunula m'madzi otsiriza osambitsira maliro, ndipo mafutawo ayenera kuti ndi otsala pa amene anawaza pansanda inu atakutulutsani. Musangomvera ine, tengani zonse ziwiri mukaonetse Abiti Abudu. Ngati ndi choncho, amuna anu sakunama komanso sakuona mzukwa. Mphuno siiwala. Fungo lomaliza limene analimva pa mayi awo akulimva pakhosi panu, ndiye mukuti munthu atani?

Chowola chimene mumachimva pansi chija ndi nkhani ina. Thukuta palokha silinunkha kwenikweni. Limanunkha likakhalitsa pakhungu, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'khwapa, pansi pa mabere ndi m'mphechepeche tikayamba kulidya. Kutawaza n'kwabwino, pitirizani, koma madzi ake safika malo amenewa. Kumira m'nyanja mutavala, popanda sopo, n'kungonyowa chabe. Miyezi yonseyi mwakhala pamoto wa uvuni, padzuwa la ku Makanjira, muli mu nayiloni wakuda wosalowa mphepo, ndipo mumamutsekera m'sutikesi asanaumitsitse. Nsalu yotere imachita chuku. Mantha nawo amatulutsa thukuta, lonunkha kuposa la ntchito. Mafuta onunkhira sachotsa zonsezi, amangosakanikirana nazo. Mukawerama, mpweya wotentha wa mumkanjo umatulukira kukhosi, ndiye munthu wakumbuyo kwanu uja ndi ameneyo. Mpata wa kumzikiti akusiya ndi amayi amene akuchita manyazi kukuuzani. Nanga dothi la m'bafa liuma bwanji ana akusambamo tsiku ndi tsiku?

Tsono chitani izi. Sambani thupi lonse ndi sopo m'mawa, komanso mukachoka kuuvuni, ndipo muzidzipukuta mpaka muume. Pakadali pano bwerekani bafa la a Celestina, munthu wokuuzani zoona maso ndi maso sangakukanizeni. Metani m'khwapa. Mandimu amathandiza ena, koma osapaka pamene mwangometa kumene kapena pachilonda. Mukatha kugula mankhwala opaka m'khwapa a kugolosale, muzipaka pakhungu losamba, osati pamwamba pa thukuta. Khuthulani sutikesi yonse, chapani chilichonse, yanikani panja padzuwa mpaka chiume gwa. Alamu ayang'ane, maso sang'amba nsalu. Sutikesiyo muisiye yotsegula padzuwa masiku angapo. Kuntchito muzivala zathonje zopepuka ndipo muzisintha tsiku lililonse. Mkanjo wa malemu ukhale wa pa Idi. Apongozi anu eni akewo sakanauvala kuuvuni.

Za bafa sindikukakamizani. Zimene munaona zimaopsa munthu aliyense wongoyamba kumene, ngakhale kuti dzanja la mtembo limagwa chifukwa palibenso choligwira. Bafa ndi udzu ndi mitengo basi. Limangidwe lina mbali ina ya nyumba, ndipo womanga akhale a Shafi. Pemphani Abiti Abudu akuperekezeni, muwaonetse bambowo kabotoloko, muwauzenso chimene chakhala chikukulepheretsani kusamba. Ndikukayika ngati akuchidziwa. Iwonso akulira mayi awo, ndipo zikuoneka kuti palibe amene wawafunsa mmene akumvera.

Kwa wa mphini musapiteko. Lumo lake simukudziwa latema angati, mungakatengeko matenda enieni. Komanso mukabwerako fungo likadalipo, alamu adzati malemu akana kuchoka, talaka n'kutuluka tsiku lomwelo. Mukachita zimene ndanenazi kwa milungu ingapo koma fungo osasintha, kapena mukamamva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kuwonda, kapena kutuluka zonunkha kunjira ya amayi, pitani kuchipatala akakuyezeni. Matenda a shuga, a impso ndi ena a amayi amasintha fungo la munthu, ndipo amenewo sopo sachiza.

Chenjezo langa lalikulu ndi ili: musadikire kuti fungo lithe kaye musanalankhule ndi amuna anu. Pali anthu amene akulankhula nawo tsiku lililonse, ndipo si onse akukufunirani zabwino. Sopo agwira ntchito yake m'masiku ochepa, koma sangayende kukawatenga bambowo. Nyamukani mawa m'mawa mukawapeze kudoko, mutasamba, mutavala chitenje chanuchanu.

Aphungu