Dizilo Wobiriwira wa Azakhali

LACHIWIRI

Dervla, 10:12
aza musakwiye plz. achimwene a Malachy akungoti Loweruka tikhale pansi tikambirane za kathirakitala kanu basi

Attracta, 10:14
kukambirana kapena kulanda

Dervla, 10:15
akuti dizilo akumatha m'thanki yanu osadziwika komwe wapita. akuti mumaiwala kutseka mpopi. auzanso adokotala

Attracta, 10:17
zaka 76 sindinaiwalepo kutseka khola la nkhuku. ndiiwale mpopi wa mafuta ogula ndekha?

Dervla, 10:18
akuopa kuti mudzagwera nako m'ngalande

Attracta, 10:18
mlongo wakoyo amaopa chimodzi. kuti ndichedwa kufa

Dervla, 10:19
aza!!

Attracta, 10:20
akandilanda kathirakitalako, kabulu kanga, ndipita bwanji kumunda wa kumtunda? pa msana pake? kenako aziti gogoyu sangathe kukhala yekha, tiyeni naye kunyumba ya okalamba. dikira kwabwera lole

Attracta, 11:46
🎤 mawu 1:38
Tamvera iwe mwana wa mchimwene wanga, ukhale pansi. Amene anabwera uja ndi Podge, wa lole ya mafuta. Akutsegula thanki akuti, mayi Attracta, bwanji inu nokha dera lonse lino mumagula dizilo woyera wa magalimoto, pomwe galimoto mulibe? Ndati kabulu kanga sikamwa wobiriwira, kamadwala naye m'mimba, anandiuza ndi Malachy. Munthu uja kuseka mpaka kukhala pa ndowa ya nkhuku. Akuti dizilo ndi mmodzi yemweyo mayi, wobiriwirayo amangomuthira utoto kuti a kasitomu, aja a msonkho wa boma, azidziwa kuti ndi wotchipa wa alimi. Thirakitala ya kumunda imamwa popanda mlandu. Mlandu umabwera akampeza m'galimoto. Zaka ziwiri iwe Dervla! Zaka ziwiri ndikugula wodula ngati mkazi wa nduna. Ndiye tandiuza, m'banja mwathu muno ali ndi chigalimoto chomwa dizilo woyera ndani? Ndipo kiyi wachiwiri wa thanki yanga amasunga ndani, poti akuti ine nditaya?

Dervla, 11:58
ayi aza. mwina anangolakwitsa

Attracta, 11:59
Lamulungu ndisanapite ku misa ndinawaza ufa wa buledi pafupi ndi thanki. pobwera ndapeza mapazi a matayala. akuluakulu. kapena nkhuku zanga zagula galimoto

Dervla, 12:03
bwanji simunanene

Attracta, 12:04
ndani akanakhulupirira gogo wozungulira mutu? mukanati wayamba kudyetsa thanki ufa

Dervla, 12:05
ndiye mutani

Attracta, 12:06
ndatani kale. Podge wadzaza thanki mpaka kukamwa. wobiriwira ngati udzu wa pamanda a amalume ako

Dervla, 12:06
achimwene akudziwa?

Attracta, 12:07
adziwe za chiyani, thanki ndi yake? paipi ndi yakuda, ukailowetsa m'galimoto suona chomwe chikutsika 😇

LACHINAYI

Attracta, 08:31
ndamuimbira mlongo wako. ndati mwana wanga ndikupita ku maliro a Bernie wa ku positi, ndikachedwa, pali tiyi pambuyo pake. ndati thanki adzaza dzana ukandionereko ngati ndatseka mpopi, paja ine mutu

Attracta, 08:32
akuti musadandaule aza ndikaona. mwana wabwino bwanji

Attracta, 14:20
ndabwera. ufa waponderezedwa. pa ndodo yanga yoyezera mafuta atsika chikhatho chonse ndi zala ziwiri. anali ndi ludzu

Dervla, 14:52
aza mawa ndi tsiku la msika wa ng'ombe. a kasitomu amakonda kuima pa geti paja

Attracta, 14:53
eti? ine sindinapite patali ndi sukulu

Dervla, 14:55
ndikuwaimbira. ndi mlongo wanga aza. akawapeza nawo ndi chindapusa chachikulu, galimoto amatha kuigwira

Attracta, 14:58
muimbire. umuuze kuti chiyani? achimwene dizilo munaba kwa aza uja ndi wobiriwira? ngati sanabe palibe chimuchitikire. ngati anaba ndiye iwe ukhale mboni yanga Loweruka. sankha

Dervla, 15:10
mukuwaika m'mavuto dala

Attracta, 15:14
🎤 mawu 0:51
Iye anandiika pati? Unalipo iwe kwa adokotala? Adokotalawo anandiuza kuti ndijambule wotchi papepala, Dervla. Wotchi! Anandifunsa kuti lero ndi lachingati ngati mwana wa kalasi yoyamba, mlongo wako atakhala pambali akupukusa mutu mwachisoni, m'galimoto mwake panja muli mafuta anga. Usiku umenewo ndinadzifunsa ndekha kuti kapena ndi zoona, kapena mutu wayambadi kuchoka. Mwana amene ndinamusintha matewera mayi ako ali m'chipatala. Ayi. Amwe chomwe watunga.

Dervla, 15:31
zoti munadzikayikira sindinadziwe. sorry aza

Attracta, 15:33
usalire. ingoika foni m'thumba mpaka mawa masana

Attracta, 17:02
wamuimbira?

Attracta, 18:15
Dervla

Dervla, 18:40
sindinaimbe

Attracta, 18:41
ndiwe mwana wa bambo ako. makapu a maluwa aja ndi ako ndikafa

LACHISANU

Attracta, 09:05
ndavala chipewa cha Isitala. ndikupita ku msika pa kabulu

Dervla, 09:09
mulibe ng'ombe yogulitsa

Attracta, 09:09
ndikukaona mitengo

Attracta, 10:22
alipo!! awiri, ovala zachikasu, pa geti penipeni. mwayi bwanji

Dervla, 10:23
mwayi? aza munawaimbira?

Attracta, 10:24
sindikukumbuka mwana wanga

Attracta, 10:37
andiimitsa inenso. ndati viikani m'thanki muone bambo, wobiriwira yekhayekha, ndine mlimi. mmodzi akuti pitani mayi chipewa chakukhalani. ndaimika kabulu pafupi ndi kogulitsa tiyi, pooneka bwino

Attracta, 11:02
mlongo wako wafika. ngolo ya ana a ng'ombe kumbuyo. akuwapatsa moni ngati ofuna mavoti

Attracta, 11:04
atsegula thanki. alowetsa kachubu

Attracta, 11:05
🎤 mawu 0:34
Mayo ine Dervla! Akweza kabotolo m'mwamba kuti kawale padzuwa, ngati abambo mfumu akukweza chikho pa misa! Kubiriwira kwake! Msika wonse waona, amuna avula zipewa kuseka. Iye akungotsegula pakamwa ngati nsomba ya Lachisanu. Wandiona! Wandiona, dikira ndimuimikire dzanja. Mwana wanga, tiyi?

Dervla, 11:07
Mulungu akukhululukireni

Attracta, 11:08
ndikaulula kwa abambo mfumu mawa. nditenga nthawi, ndifotokoza bwinobwino

Attracta walowetsa Malachy pa zokambiranazi

Attracta, 13:30
takulandira mwana wanga. wandiimbira kasanu koma paja makutu. lemba pano, mlongo wako aziwerenganso

Malachy, 13:32
aza munathira chiyani m'thanki

Attracta, 13:33
thanki iti

Malachy, 13:33
musandiseweretse. galimoto aigwira. ana a ng'ombe andinyamulira ndi anthu. akuti ngakhale nditsuke, utoto uzioneka miyezi

Attracta, 13:35
pepa kwambiri. koma ine ndikufunsa, thanki iti

Malachy, 13:36
yanu!! ya kuseri kwa shedi

Attracta, 13:37
ooh yanga. ya kabulu. nanga dizilo wa kabulu wafika bwanji m'mimba mwa galimoto yako? kapena wadutsa pa mpopi uja ndimaiwala kutsekawu, wayenda yekha mtunda wonsewo?

Dervla, 13:39
ayankheni achimwene. inenso ndikufuna kumva

Malachy, 13:48
ndinangobwereka pang'ono. mukanandiuza kuti mwasintha

Attracta, 13:49
ndinaiwala mwana wanga. si paja unauza adokotala kuti ndimaiwala

Dervla, 13:55
za mawa zilipobe?

Attracta, 13:56
zilipo. ndaphika kale buledi wa zipatso. tikhala pansi tikambirane za munthu wina m'banja muno amene sangathenso kusunga kiyi

Attracta, 13:57
Lolemba tipitanso kwa adokotala, iwe Malachy ukawauze wekha komwe mafuta ankapita. ukajambulenso wotchi

Malachy, 14:03
uthengawu wafufutidwa

Malachy, 14:04
uthengawu wafufutidwa

Attracta, 14:20
poti ulibe galimoto mawa ndidzakutenga 10 koloko. kabulu kali ndi mpando umodzi koma kumbuyo kuli bokosi la manyowa. ndayalamo thumba