Amene Anaimba Pamaliro a Sibeso

Maramba,
Livingstone.
Novembala, 1983.

Okondedwa akulu anga a Tikambenji,

Landirani moni wochokera kuno kumapeto a dziko. Kodi muli bwanji ndi alamu anga ndi ana? Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa, kapena akukakamirabe kupita kudimba ndi ndodo? Ine kuno thupi lilipo, likudya, likuyenda. Za mumtima ndikuuzani pang'onopang'ono.

Telegalamu ya maliro a Sibeso munailandira, ndipo yankho lanu linafika. Sindikukuimbani mlandu kuti simunabwere. Katete ndi kutali, mabasi akuvuta masiku ano, ndipo kutentha kwa kuno sikulola kudikira anthu. Koma telegalamu sinanene mmene mwana wanga anapitira kumanda. N'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba, popeza ndikazisunga ndekha zindidwalitsa.

Mukukumbukira makina oimba aja ndinakulemberani monyada chaka chatha? Mzungu wina wa kuhotela kumene a Mulemwa, bambo a Sibeso, amaperekera zakudya, anawagulitsa pobwerera kwawo. Ndi bokosi lasiliva lolemera ngati mtondo, la timagetsi tobiriwira kutsogolo, wailesi ili m'kati momwemo, pamwamba choimbira malekodi ndi cha makaseti. Masipika ake ndi anayi, sipika iliyonse pangodya yake. Anthu a muno amati gumbagumba, koma mukatero pamaso pa alamu anu ndiye kuti mwawatukwana. Iwo amati ndi ampulifaya.

Tsiku loyamba anandikhazika pampando pakati pa chipinda nandiuza kuti nditsinzine. Woimba anayambira kutsogolo kwanga, kenaka ng'oma inagunda kumbuyo, ine n'kutembenuka poganiza kuti munthu walowa. Tinaseka mpaka misozi. Sibeso ankasuzumira kuseri kwa masipika kufuna anthu oimbawo, ndipo tsiku lina tinapeza atawasiyira kachidutswa ka buledi kuti adye.

Chinthu chofuula sichibisika, akulu. Sabata isanathe Maramba yense anali atadziwa nyumba yake, ndipo akuba nawonso ali ndi makutu. Kwa anansi athu anaba makina osokera dzuwa lili pamutu, anachita kuzula chitseko loko ali chitsekere. Kuyambira pamenepo a Mulemwa anaika lamulo lakuti nyumba ino isamakhale yopanda munthu ngakhale pang'ono. Iwo amapita kuntchito ndi Lamulungu lomwe, chifukwa alendo oona mathithi sadziwa Sabata. Ndiye mlonda wake mwamudziwa kale, ndi mng'ono wanu, wopanda yunifolomu ndi chibonga chomwe.

Shuga kapena mafuta ophikira a saladi akafika kusitolo, anzanga amathamangira pamzere, ine ndimachita kutuma. Kutchalitchi ndinayamba kupita mwa apo ndi apo. Mathithi a Mosi-oa-Tunya amene anthu amawolokera nyanja kudzawaona, ine ndimangoona utsi wake ndili pakhomo. Zimenezo ndikanapirira. Chimene chinandiwononga ndi maliro.

Maliro a m'tauni sasiyana ndi a kwathu. Akazi amakhala pansi m'nyumba ya maliro, amagona pomwepo, amatunga madzi, amaphika, amaimba mpaka munthu ataikidwa. Ine ndinkafika, n'kugwada, n'kunena pepani, kenaka n'kunong'ona kuti nyumba ndasiya yopanda munthu, n'kubwerera. Ndinachita zimenezi pamaliro ambiri. Ndinachitanso chimodzimodzi atamwalira amuna awo a ba Mutinta, mayi wachitonga wogulitsa tinsomba ta kapenta pamsika, amene anandilandira nditangofika kuno ndipo anandigwira msana tsiku lobadwa Sibeso. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti zikomo, ndithamange.

Ndinawadandaulira a Mulemwa. Anati kuno ndi kutauni, anthu amamvetsa, ndipo chopereka chathu chimafika pamaliro aliwonse. Musawaone ngati munthu woipa. Anakulira ku Senanga akuweta ng'ombe za eni, ndipo makinawa ndi chinthu choyamba m'moyo wawo chimene iwo ali nacho ena alibe. Amawapukuta ndi kansalu kakekake, kamene ngakhale ine sindiloledwa kukachapa.

Sibeso chinamutenga ndi chikuku. Ndikudziwa funso limene lili m'mutu mwanu, ndipo ndiyankhiretu: ayi, makina sanandichedwetse. Thupi litangotentha ndinamubereka n'kuthamangira kuchipatala, chitseko ndinachisiya pululu tsiku lonse. Palibe wakuba anabwera, palibe ngakhale supuni inasowa. Madokotala anayesetsa, koma chifuwa chinali chitatsekeka.

Titabwera naye kunyumba, anzawo a kuntchito a a Mulemwa anayamba kutulutsa katundu monga mwa mwambo, kuti akazi apeze pokhala. Mipando, tebulo ndi kabati zinapita pansi pa mtengo wa mango. Atafika pamakina, alamu anu anaima kutsogolo kwake. Anati panja pali fumbi ndiponso manja ambiri. Anthu anayang'anana. Tinayala mphasa, ndipo masipika anatsala m'ngodya zawo atafundidwa zitenje zanga, ngati azimayi anayi amene afika msanga pamaliro.

Akazi a muno anabwera, akulu. Palibe anganene kuti sanabwere. Ankalowa mmodzimmodzi, n'kugwada, n'kunena pepani, kenaka n'kunong'ona kuti nyumba asiya yopanda munthu, n'kutuluka. Woyamba ndinamukhulupirira. Wachiwiri ndinadabwa, chifukwa kwake kuli ana akuluakulu odzaza nyumba. Atanena mawu omwewo ba Gladys, amene m'nyumba mwawo muli mphika ndi mphasa basi, ndinazindikira kuti akundibwezera mawu anga, osawonjezera, osachotsera.

Ba Mutinta anabwera pomaliza. Anakhala pang'ono, anagwira kabokosi ka mwana, ndipo misozi yawo inali yeniyeni. Kenaka nawonso ananena mawu aja n'kudzuka. Ndinawagwira chitenje, ndinawachonderera ngati mwana. Anandiyankha motsitsa mawu kuti mwanayo alibe naye chifukwa, anamulandira ndi manja awo, koma tsiku la amuna awo maso awo anandifunafuna kuyambira pakhomo mpaka kumanda osandiona. Anachotsa dzanja langa bwinobwino n'kupita.

Pamoto sipanakhale mphika. Madzi ndinakatunga ndekha kumpopi, mayi wa maliro chidebe pamutu, anthu akundiyang'ana m'mazenera. Amuna aja anagula mabanzi n'kudyera panja. Abale a a Mulemwa a ku Senanga anali akadali m'njira, anafika titaika kale. M'nyumba ya maliro munagona ine ndi mwana wanga.

M'mawa mwake lole itafika, mkulu wa mpingo anapemphera, kenaka anafunsa amene ayambitse nyimbo yotulutsira mtembo. Kunali zii. Amuna saimba okha pamaliro, amangoyankha akazi akayambitsa. Ine ndinayesa, koma ndinangolira. Mkuluyo anafunsanso. Apo a Mulemwa anadzuka, anavundukula zitenje zija, n'kuika lekodi ya kwaya.

Nyumba inadzaza mawu. Akazi ankaimbira kutsogolo, amuna ankayankhira kumbuyo, bwinobwino, popanda wophonya kapena wosasa mawu chifukwa cholira. Wodutsa pamsewu akanati mwana uyu ali ndi anthu. Ine ndinali pamphasa pakati pawo ndekhandekha. Nyimbo zitatha mbali imodzi, bambo wa mwana anasiya bokosi la mwana wake kukatembenuza lekodi. Sindinaonepo manyazi otero chibadwire.

Titachoka kumanda ndinatenga munsi kuti ndiphwanye makinawo. A Mulemwa sanandigwire. Anangondipempha kuti ndimve kaye chinthu chimodzi, n'kuika kaseti imene sindinkaidziwa. Kunali kuti tsiku lina ine ndikuchapa anamujambula Sibeso akuimba kanyimbo ka ku Sande sukulu, akulakwitsa mawu, akuseka, akuitana amama kuti adzamve. Mawu ake anachokera mbali zonse. Ndinatembenuka, akulu, monga tsiku loyamba lija, ndipo munsi ndinauika pansi.

Tsopano tamverani kupusa kwake. Sabata yatha alamu anu, amene aonda mpaka kolala ya yunifolomu ikuwazungulira, anandiuza kuti ngati ndikufuna awagulitse makinawo, pali Mmwenye wina wa ku Highlands amene akhala akuwafuna. Amene anakana ndine. Ndikudziwa kuti kawailesi kakang'ono kangathe kuimba kasetiyo, koma mawu amatulukira pabowo limodzi ngati a munthu amene ali kutali. Pamakina awa mwana amakhala m'chipinda. Kale ndinkalondera chifukwa cha lamulo la mwamuna, lero ndikulondera ndekha popanda wondituma, ndipo ndikudana nawo makinawa kuposa kale.

Pali nkhani ina imene ndikanakuuzani mosangalala chikhala chaka china. Ndili ndi pakati, ndipo ndikuyembekezera nthawi yokolola. Akazi a muno amandipatsa moni bwinobwino, koma palibe amabwera kudzapempha mchere, ndipo ine ndikapita kukapempha amandipatsira pakhomo. Ndikaganiza za tsiku langa ndimachita mantha. Adzandigwira msana ndani? Nanga zikadzavutanso, Mulungu aletse, adzandiimbira ndani? Ndilibe anthu kuno, akulu. Ndili ndi mwamuna, nyumba ya magetsi ndi masipika anayi, koma anthu ndilibe.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi awo a ba Mutinta anawabweretsa kuchokera ku Simonga akudwala kwambiri, ndipo amene awaona akuti Khirisimasi sadzaiona. Sindikuwafunira imfa, koma ikabwera ndikufuna ndikakhale woyamba kufika ndi womaliza kuchoka. Ndikagone pansi, ndikatunge madzi, ndikatsuke miphika, ndikaimbe ngakhale nyimbo zachitonga zimene sindizidziwa bwino. Sindingatero popanda wotsala m'nyumba muno, ndipo muno mulibe amene angavomere kunditsalira. Chonde bwerani mukangotha kubzala, mudzakhale nane kufikira nditachira. Za ulendo a Mulemwa akonza.

Ndikuchita manyazi kuitana mkulu wanga ulendo wonsewo kuti adzalondere bokosi loimba. Sindikudziwanso ngati akazi a muno akandilandire kumaliroko. Mwina ndikakakhala pamphasa adzasendera uko, mwina adzandilanda chidebe n'kundiuza kuti ndithamange, nyumba ndasiya yopanda munthu. Akatero ndidzakhalabe pomwepo, chifukwa njira ina sindikuiona.

Amayi musawawerengere kalata yonseyi. Muwauze kuti mdzukulu wawo anaikidwa bwino ndipo panali nyimbo, simudzakhala mutanama. Mundiperekere moni kwa iwo, kwa alamu anga, kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali a kutsidya, ndi kwa ana onse. A Mulemwa akupereka moni, akuti mubwere ndi nsinjiro ngati zilipo.

Mukatsika basi mufunse njira ya kumsika wa Maramba, kenaka mufunse nyumba ya gumbagumba, aliyense akulozerani. Mukafika pakhomo n'kumva anthu ambiri akuimba m'kati, kapena mwana akuseka, musaime panja poganiza kuti ndili ndi alendo. Kankhani chitseko mulowe. Mundipeza ndekha.

Ndine mng'ono wanu wokudikirani,
Zelipa, amake Sibeso.