Mapulasitiki a Kaudzudzu

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi msana uja unakusiyani? Ife kuno tilipo, kupatula mlongo wathu, ndipo nkhani yake ndi imene yandigwiritsa cholembera.

Mukukumbukira chimene tinamutchulira Kaudzudzu? Timiyendo ngati machesi, kabudula tinkachita kumumangira ndi chingwe. Lero m'shopu yake yosokeramo amalowa chammbali, ndipo tepi imene amayezera makasitomala siikwananso m'chiuno mwake. Mwini wake amati tepiyo ndiyo yafupika.

Lachiwiri lapitali anakomoka ali pa makina. Mayi wina wodzatenga diresi ndiye anamupeza atagwetsa mutu pansalu. Kuchipatala, anamwino atamuvula malaya anapeza atadzikulunga mapulasitiki, aja amakutira zovala zosokedwa, kuyambira pamimba mpaka m'khwapa. Pamwamba pake panali lamba wotulutsa thukuta munamutumizira uja. Mlamu wathu, mkazi wakeyo, akuti wakhala akutseka mawindo onse, nsimbi ili chiyakire pambali pake, madzi osamwa, chakudya kungolawa. Ankati mafuta akatenthedwa amasungunuka ngati a m'poto, ndiye adzatuluka ndi thukuta.

Adokotala sanamukalipire. Anamuuza mofatsa kuti zimene zinkatulukazo ndi madzi okhaokha. Akuti mafuta ndi mphamvu zimene thupi linasunga. Limayenera kumazitapa pang'onopang'ono n'kuziwotcha m'kati, utsi wake n'kumatuluka ndi mpweya umene timapumawu. Koma munthu akanenepa chonchi, mafutawo samveranso bwino thupi likaitanitsa. Ndipo ukadzimana chakudya kwambiri, thupi limayesa kwagwa njala, limachepetsa moto kuti lisunge zimene lili nazo.

Kaudzudzu anafunsa ngati ndiye kuti azipuma mofulumira kuti mafutawo atuluke msanga. Tonse tinaseka, ngakhale anamwino. Nditamuyang'ana ndinaona kuti iye sakuseka. Ankafunsadi.

Adokotala anamuuza kuti aziyenda tsiku lililonse, azidya mosadumphitsa koma mochepa, ndiponso kuti zidzatenga nthawi yaitali. Shuga wakwera, mtima nawo watopa, ndipo akakomokanso chotere impso zikhoza kuwonongeka. Koma ayenda bwanji, Achemwali? Kuchoka pakhomo kukafika pamphambano mawondo amakhala atamukana kale. Ndinayenda naye Lachisanu, tinabwerera pagolosale, iye akunamizira kuti waiwala kutseka geti.

Titafika kunyumba, anandifunsa kumene ndinaika lamba. Ndinati anatsala kuchipatala. Kenako anati inu mukaimba foni, musanafunse n'komwe za ana, mumayamba mwafunsa ngati wachepako, ndipo iye watopa kuyankha kuti ayi. Anati munthu amene anamubereka kumsana sangamamukhumudwitse mwezi ndi mwezi.

Sindikukudzudzulani. Ndikudziwa munatumiza lambayo chifukwa cha chikondi, monga munkamugawira mbale yanu ali kamwana kodwaladwala. Lambayo ndabisa kwanga. Koma mapulasitiki ali mbwee m'shopumo, ndi a ntchito yake, ndipo sindingakhale pakhomo pake ngati mlonda. Ine ndikalankhula amangondiseka, amati ndakhala dokotala liti. Mkazi wake akalankhula imasanduka ndewu. Amamvera inu nokha.

Chonde muimbireni. Mumuuze ndi pakamwa panu kuti lamba uja munalakwitsa, asiye zonsezi, azimwa madzi. Mukatero mufunseni zina, kaya za makina ake, kaya za mpira. Za thupi musafunse, ngakhale lilime likuyabweni.

Musachedwe. Dzulo masana ndinadutsa pashopu dzuwa likuswa mtengo. Makina ankalira m'kati, koma mawindo onse anali otseka. Ndinagogoda, iye anayankha kuti ndidikire kaye avale malaya.

Mulungu akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu,
amene munkamuluka tsitsi pakhonde.