Mfundo za Atate pa Thumba la Kachewere

Fonte Boa, Angónia
14 Julho 2024

Okondedwa achimwene Anselmo,

Ndikhulupirira muli bwino kunkhalango ya nyamako, ngati munthu angakhale bwino ataika mnzake m'manda. Za mlonda mnzanu amene opha njovu anamuombera tinamva, ndipo amayi analira ngati ndinu. Kuno kukuzizira koopsa, kachewere tikukumba, chifuwa cha amayi chidakalipo. Kalatayi ndapatsira a Ricardo oyendetsa shapa, minibasi ya ku Tete ija, chifukwa telefoni yanga alamu anu amaigwiragwira.

Chithunzi chija ndinachiona: thumba la kachewere limene galu wa apolisi ananunkhiza pamalire pa Kalomwe, m'kati mwake minyanga ya njovu yoduladula. Munangofunsa kuti, "Natércia, kalukidwe aka ukukadziwa?" Achimwene, musandiyese. Atate, ndi zala zitatu zimene nkhondo inawasiyira, ankaluka pamwamba pa thumba mobwerera kumanzere, n'kumanga mfundo ziwiri pambali. Ana awo awirife tinaphunzira momwemo, ngati nafenso tinalibe zala. Inu muli kutali. Ndiye watsala ndani?

Ndinaluka ndine. Alamu anu anabwera nalo lodzaza kale, udzu ataika pamwamba. Ndinati, "Thumbali bwanji laima chonchi ngati muli nkhuni?" Iwo anati, "Iwe luka, zam'katimo si zako." Ndinaluka, ndipo ndinaluka bwino, monyadira, kupusa kwangaku. Manja anga sadziwa kalukidwe kena.

Amene ali m'ndende ku Ulongwe ndi a Josias, onyamula katundu panjinga aja, omwe anatithandiza kusenza maliro a atate. Anangotumidwa kuwolotsa thumba kupita ku Dedza. Mpaka lero sanatchule munthu, akuti anawapatsa ndi mlendo, pomwe anawapatsa ndi alamu anu pakhomo pathu pano. Akazi awo, a Arlete, anabwera dzana kudzapempha mpiru. Anati, "Mayi a Yara, m'mudzi muno inu nokha ndiye simunatisale." Ndinawadzazira dengu. Atachoka ndinasanza kuseri kwa nkhokwe.

Njovu ine sindinaionepo, kuno kulibe ngakhale ndowe zake. Ndinkaganiza kuti nkhondo yanu ya njovuyo ndi ya kutali, ya anthu a mfuti. Osadziwa kuti imadutsa m'manja mwanga.

Nditawafunsa alamu anu, sanakane. Anati, "Mlongo wako amalondera nyama, ine ndikulondera mwana. Ukayankhula, Yara umlera wekha." Ndi bambo a mwana wanga, achimwene, ndipo sindinasiye kuwakonda. Chimenecho ndiye chikundidya.

Loweruka pa 27 adzadutsa matumba ena, panjinga za anthu enanso osadziwa kanthu. Andiuza kale kuti ndiluke. Iwo za mfundo sakudziwa, kwa iwo thumba ndi thumba. Ndidzaluka kalukidwe ka atate, thumba lililonse. Uzani anzanu a pa Kalomwe ayang'ane mfundo ziwiri pambali, ndipo onyamulawo awamvere chisoni. Kalatayi muwaonetse. Zomwezi ndidzazinena pamaso pa woweruza, ngakhale atandimanga nane, bola a Josias abwerere kwa ana awo.

Ndikupempha ziwiri zokha. Zikandivuta, Yara mumtenge, asasiye sikola. Ndipo tsiku lodzatenga alamu anu, musalowe pabwalo mutavala za ntchito. Amayi mtima wawo ndi wofooka.

Amayi akupereka moni, akuti muzifunda bwino. Yara akuti amalume amubweretsere chithunzi cha njovu yamoyo, akaonetse anzake. A Arlete akuti amakupemphererani ku Misa.

Alamu anu nawonso akupereka moni. Ali pakhonde pano, akuimba mluzu, akundinolera singano ya matumba.

Ndine mlongo wanu,
Natércia